Capture card yalumikizidwa koma chithunzi sichikubwera: ndondomeko yoikira driver ndi pulogalamu

Loweruka madzulo foni yanga sikhala chete. Woimba wina ndi mnyamata amene abusa amupatsa udindo woulutsa mapemphero pa Facebook, wina ndi wojambula maukwati, wina amayi ake amupatsa tepi ya ukwati wawo kuti aisamutsire pa fulashi isanawonongeke. Mawu ake amakhala omwewo: "Achimwene, kachipangizo kaja tagula, talumikiza, koma pa kompyuta pangoti bii. Titumizireni driver pa WhatsApp." Driver ameneyo sindingathe kumutumiza ndisanadziwe chomwe chili m'kati mwa kachipangizo kanuko, ndipo kawirikawiri vuto silikhala driver n'komwe. Ndalemba zonse pano kuti muzitsatire mwa ndondomeko yake. Musadumphe, chifukwa sitepe iliyonse ikukuchotserani chokayikitsa chimodzi.

Tiyambe tagwirizana mawu. Capture card ndi chipangizo cholandira kanema wochokera kunja, kaya ku kamera, ku VCR kapena ku kompyuta ina, n'kumupereka ku kompyuta yanu. Ine ndizingoti khadi. Driver ndi kapulogalamu koima pakati pa khadi ndi Windows, ngati womasulira amene amaima pambali pa mlaliki wachilendo: akasowa, mlaliki alankhula ndithu koma mpingo sutolapo kanthu. Chachitatu ndi pulogalamu yoonera ndi kujambulira, monga OBS Studio. Zinthu zitatuzi n'zosiyana, ndipo chilichonse chimalephera mwa njira yakeyake.

Chinanso ndinenepo msanga: bowo la HDMI lomwe lili pa laputopu yanu ndi lotulutsira chithunzi, si lolandirira. Mukalowetsamo kamera palibe chichitike, ngakhale mutaika pulogalamu yanji. N'chifukwa chake khadi likufunika.

1. Dziwani mtundu wa khadi lomwe muli nalo

Makhadi omwe ndimakumana nawo ali m'magulu atatu.

Oyamba ndi tija tofanana ndi fulashi yonenepa, mbali ina HDMI mbali ina USB. Ambiri a iwo amatsata muyezo wotchedwa UVC, womwenso makamera ang'onoang'ono a pa kompyuta amatsata. Kutanthauza kuti Windows 10 ndi Windows 11 ali kale ndi driver wake. Simufunika kufunafuna chilichonse. Cam Link 4K ya Elgato ili m'gulu lomweli, komanso ATEM Mini ya Blackmagic Design mukailumikiza pa USB kompyuta imangoiona ngati kamera.

Achiwiri ndi a matepi akale, okhala ndi zingwe zachikasu, zofiira ndi zoyera. Ambiri amalembedwa EasyCAP. Amenewa ndiwo amavutitsa anthu zedi, ndipo ndikhalitsapo pa sitepe 4.

Achitatu ndi olowetsa m'kati mwa kompyuta ya pa desiki, pa bowo la PCIe, monga DeckLink ya Blackmagic Design ndi ena a AVerMedia, Magewell ndi Elgato. Ambiri a awa amafuna driver wochokera kwa kampani yomwe inawapanga.

2. Onani kompyuta yanu kaye

Tsegulani Settings, kenako System, kenako About. Lembani pa pepala zinthu ziwiri: Windows wanji, komanso ngati ndi 64-bit kapena 32-bit. Driver wa 32-bit salowa pa Windows wa 64-bit. Ngati kompyuta ya ku tchalitchi ikadali pa Windows 7 kapena 8, dziwani kuti OBS Studio kuyambira mtundu wa 28, womwe unatuluka mu 2022, sagwiranso pamenepo, ndiponso sagwira pa 32-bit. Mudzafunika mtundu wakale wa 27.2.4, kapena kompyuta ina.

Kenako pezani bowo la USB 3.0. Kawirikawiri limakhala la buluu m'kati kapena pambali pake pamalembedwa SS. Izi si zokongoletsa chabe. USB 2.0 imanyamula ma megabit 480 pa sekondi, pomwe USB 3.0 imafika ma gigabit 5. Kanema wa 1080p wa zithunzi 60 pa sekondi, wosapanikizidwa, amafuna pafupifupi ma gigabit 2. Khadi labwino mukaliika pa bowo lakale lili ngati lole yomwe mwailowetsa m'kanjira ka njinga. Lowetsani khadi mwachindunji pa kompyuta, osati pa kabokosi kochulukitsa mabowo komwe kanyamula kale mausi, kiyibodi ndi modemu.

Musanaike driver aliyense, lembani "Create a restore point" pa malo ofufuzira a Windows, mutsegule, mudine Create. Zikasokonekera mudzabwerera pomwe munali. Ndi mphindi ziwiri zokha.

Ngati khadi lanu ndi la PCIe, zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi pa khoma, gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta kuti magetsi a m'thupi achoke, ndiye mulowetse khadi mpaka likhale pansi bwinobwino, mumange sikuluwu yake.

3. Lumikizani khadi lokha, mutsegule Device Manager

Kamera isiyeni kaye. Pano tikufuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi Windows akuliona khadi?

Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, musankhe Device Manager. Tsamba limeneli likhale lotsegula pamene mukulowetsa khadi. Mudzaona mndandanda ukuphethira, kenako dzina latsopano lidzatulukira. Liyang'aneni pansi pa Cameras, kapena pansi pa "Sound, video and game controllers". Makhadi otchipa amangolembedwa "USB Video" kapena dzina lina losaonetsa kampani. Likatuluka lopanda chizindikiro chilichonse pambali, driver walowa kale. Pitani ku sitepe 6, ndipo musaikenso china pamwamba pake.

Likatuluka pansi pa "Other devices" lili ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, Windows waliona koma sakulimva. Pitirizani ndi sitepe 4.

Mndandanda ukapanda kugwedezeka n'komwe, driver sangakuthandizeni. Yesani bowo lina, chingwe china, kompyuta ina. Likakhala chete ponseponse, khadi ndi lakufa, libwezeni komwe munagula risiti isanatayike.

4. Werengani dzina lenileni la khadi

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu oti "ikani driver woyenera". Woyenera ndi uti?

Dzina lolembedwa pa bokosi silinena zoona zonse. EasyCAP si kampani imodzi. Mafakitale osiyanasiyana amagwiritsa ntchito chikhokho chofanana cha pulasitiki ndi dzina lomwelo, koma m'kati amaikamo kaubongo kosiyana, kamene timati chip. Driver amalembedwera chip, osati chikhokho. Tsiku lina ndinaika patebulo makhadi awiri ogulidwa m'sitolo imodzi, ofanana chilichonse, mtundu, zilembo, ngakhale kachimbale kakang'ono ka m'bokosi. Lina linagwira ndi driver wa pa kachimbaleko. Linalo linakana, ndipo nditawerenga nambala zake ndinapeza kuti m'kati muli chip china. Kachimbale komwe kanabwera nalo sikanali kake.

Nambalazo mumaziona motere. Mu Device Manager, dinani batani la kumanja la mausi pa dzina lomwe lili ndi chizindikiro chachikasu lija. Sankhani Properties. Pamwamba sankhani Details. Pa kabokosi kolembedwa Property, tsitsani mndandanda mpaka mupeze "Hardware Ids". Mudzaona mzere wokhala ngati uwu:

USB\VID_1B71&PID_3002

Zilembo zinayi zotsatana ndi VID zikunena kampani yomwe inapanga, zinayi zotsatana ndi PID zikunena chipangizo chenichenicho. Pa khadi la PCIe mawu ake ndi VEN ndi DEV, koma tanthauzo ndi lomwelo. Ili ndiye dzina la khadi lanu la pa chiphaso. Musalikopere ndi maso, chifukwa 0 ndi D, kapena 8 ndi B, zimasokoneza pa sikirini yaing'ono. Dinani kumanja pa mzerewo, musankhe Copy.

Nambala zomwe mungakumane nazo kwambiri ndi izi. VID_1B71 ndi PID_3002 ndi chip chotchedwa UTV007. VID_05E1 ndi PID_0408 ndi STK1160 cha kampani ya Syntek. VID_EB1A ndi eMPIA. VID_1C88 ndi Somagic. Zinayi zonsezi zimapezeka m'zikhokho za EasyCAP, ndipo chilichonse chili ndi driver wakewake. Kumbali ya makampani odziwika, VID_0FD9 ndi Elgato, VID_07CA ndi AVerMedia, VID_1EDB ndi Blackmagic Design.

Nambala zomwezi zimakuululiraninso ngati munagula chomwe bokosi linalonjeza, choncho ziwerengeni ngakhale khadi likugwira. VID_534D ndi PID_2109 ndi chip cha MacroSilicon chotchedwa MS2109. Chimenechi ndi cha USB 2.0, ngakhale pulagi yake itapakidwa buluu ndipo pa bokosi patalembedwa "USB 3.0" ndi "4K". Mawu oti 4K akungotanthauza kuti khadi lingalandire kanema wotero. Chomwe limapereka ku kompyuta ndi 1080p wa zithunzi 30 pa sekondi, wopanikizidwa. Chinzake chatsopano, MS2130, chimaoneka ngati VID_345F ndi PID_2130, ndipo chimenecho ndi cha USB 3.0 weniweni. Mukafuna kutsimikiza ndi maso, walitsani tochi ya foni m'kamwa mwa pulagi. Ya USB 2.0 ili ndi timawaya tinayi tokha kutsogolo. Ya USB 3.0 ili ndi tina tisanu tobisala m'kati cha kumbuyo.

Sindikunena kuti MS2109 ndi lotaya. Pa mapemphero a Lamulungu, pomwe kamera yaima malo amodzi kuloza guwa, limagwira ntchito yooneka bwino. Chomwe sindifuna n'choti muthe usiku wonse mukusaka driver woti lipereke zomwe silingathe, kapena mulipire mtengo wa khadi lapamwamba pa lotchipa.

5. Pezani driver, mumuike

Yambani ndi Windows mwini wake. Mu Windows Update muli malo otchedwa "Optional updates", ndipo pansi pake pamakhala "Driver updates". Nthawi zina driver amakhala ali pompo kudikira.

Akapanda kupezeka, pitani pa tsamba la kampani yopanga khadi. A Blackmagic Design driver wawo ali m'pulogalamu yotchedwa Desktop Video. A Elgato, AVerMedia ndi Magewell ali ndi malo otsitsira pa masamba awo, mumangosankha dzina la khadi ndi mtundu wa Windows. Mafayilo ena ndi aakulu, ndiye musayambe bandulo ili pafupi kutha. Pa makhadi opanda kampani yodziwika, fufuzani pa intaneti ndi nambala za VID ndi PID zija pamodzi ndi dzina la chip.

Chenjezo lalikulu: mudzakumana ndi masamba okhala ndi batani lalikulu lobiriwira, olonjeza pulogalamu yokonza ma driver onse kamodzi. Musadine. Makompyuta ambiri omwe amabwera kwa ine akuyenda ngati kamba amakhala ndi mapulogalamu oterewa awiri kapena atatu, ena akupempha ndalama, ena akutsegula zotsatsa malonda pakati pa ulaliki.

Driver akabwera ndi pulogalamu yake yoikira, zulani khadi la USB, ikani pulogalamuyo, zimitsani ndi kuyatsanso kompyuta, ndiye mulowetse khadi. Kuyatsanso kumeneku musakunyozere. Akabwera ngati zip, mumasuleni kaye ndi "Extract All". M'kati muyenera kupezamo fayilo yothera ndi .inf. Bwererani ku Device Manager, dinani kumanja pa khadi, "Update driver", kenako "Browse my computer for drivers", mulozere foda yomwe mwamasulayo.

Ngati munaika kale driver wolakwika, muchotseni poyamba. Dinani kumanja, "Uninstall device", ndipo muchonge kabokosi kochotseratu driver. Mukapanda kuchonga, Windows adzabwezeretsa yemweyo mukangolowetsanso khadi.

Makhadi ena, makamaka a Blackmagic Design, akangoikidwa amapempha kukonzanso firmware, yomwe ndi pulogalamu yokhala m'kati mwa khadi lenilenilo. Vomerani, koma osati pa nthawi yomwe magetsi akuphethiraphethira. Akazima ntchitoyi ili pakati khadi likhoza kusiya kudzuka. Gwiritsani ntchito laputopu ya batire lodzaza kapena kompyuta yomwe ili pa UPS.

Chizindikiro chachikasu chikakanirirabe, tsegulani Properties muwerenge nambala yomwe ili pa "Device status". Code 28 ndiye kuti driver palibe. Code 10 ndiye kuti khadi lalephera kudzuka, kawirikawiri chifukwa driver si wake. Code 43 yambani mwakayikira chingwe ndi bowo. Code 52 ndiye kuti Windows sakukhulupirira siginecha ya driver. Ma driver akale a EasyCAP amakanidwanso ndi chitetezo chotchedwa "Memory integrity", chomwe chili mu Windows Security pansi pa "Core isolation". Pa intaneti adzakuuzani kuti muzimitse zotetezazi. Maganizo anga ndi akuti musatero pa kompyuta yomwe imasunganso kaundula wa mpingo kapena maakaunti a bizinesi. Pezani kompyuta yakale yoti izingogwira ntchito ya matepi, kapena gulani khadi la matepi lotsata UVC, lomwe silifuna driver wapadera.

6. Patsani chilolezo, muyese ndi pulogalamu yophweka

Windows amaona khadi ngati kamera, ndipo mawu ake amawaona ngati maikolofoni. Pitani ku Settings, Privacy, Camera, muonetsetse kuti zonse zayatsidwa, makamaka mzere wolola "desktop apps". Chitani chimodzimodzi pa Microphone. Kangapo ndayenda mtunda kukaona khadi "lakufa", n'kupeza kuti ndi kabatani kameneka kokha.

Makhadi a UVC ayeseni ndi pulogalamu ya Camera yomwe imabwera ndi Windows. Dinani kabatani kosinthira kamera mpaka mufike pa khadi. Mukamaliza itsekeni. Nthawi zambiri pulogalamu imodzi yokha ndiyo ingagwire khadi pa nthawi imodzi, ndiye Zoom kapena Camera ikakhala yotsegula kumbuyo, OBS adzaona mdima.

7. Tsimikizani kuti kamera ikutulutsadi chithunzi

Tengani chingwe chomwecho cha HDMI, muchilowetse pa TV. Chithunzi chikapanda kubwera pa TV, khadi lilibe mlandu. Onani chingwe, makamaka tija ta mini ndi micro HDMI tomwe timathyoka msanga pa khosi.

Pa TV pomwepo onani ngati manambala a batire ndi timabokosi ta kamera tikuoneka. Zikaoneka apo zidzaonekanso kwa oonera, choncho zizimitseni mu menyu ya kamera. Zimitsaninso zoti kamera izigona yokha ikakhala osakhudzidwa, ndipo ikhale pa magetsi, osati pa batire lokha.

Pali zipangizo zina zomwe zimaonetsa pa TV koma pa khadi ayi. Chifukwa chake ndi loko wotchedwa HDCP, woletsa kukopera. Madikoda a TV yolipira ndi makina a Blu-ray amakhala nawo, ndipo palibe driver wouchotsa. Pa PlayStation 4 ndi 5 mungauzimitse nokha mu Settings, pansi pa System, kuti mujambule masewera.

8. Ikani OBS, mugwirizanitse khadi ndi kamera

OBS Studio ndi yaulere. Itengeni pa obsproject.com basi. Wina akakuuzani kuti mulipire, akukuberani.

Mukatsegula, pansi pa Sources dinani chizindikiro cha kuphatikiza, musankhe "Video Capture Device", mupatse dzina, kenako pa Device musankhe khadi lanu. Makhadi a DeckLink ndi anzake a Blackmagic Design ali ndi pawo, "Blackmagic Device".

Chithunzi chikabwera, musafulumire kukondwa. Gwedezani dzanja patsogolo pa kamera. Likamayenda modukizadukiza, pitani pa "Resolution/FPS Type", musinthe kukhala Custom. Ikani 1920x1080 kapena 1280x720, ndiye muyang'ane "Video Format". Pa khadi la USB 2.0 sankhani MJPEG, womwe ndi kanema wopanikizidwa. Mukasankha YUY2, womwe ndi kanema wosapanikizidwa, njira imachepa ndipo khadi limangopereka zithunzi zowerengeka pa sekondi. Pa khadi la USB 3.0 weniweni, YUY2 kapena NV12 ndiwo abwino, ndipo kompyuta siivutika kuwamasula.

Tsopano nkhani ya 50 ndi 60, yomwe malangizo ochokera ku America satchula chifukwa kwawoko siwavuta. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz. Mababu ambiri, makamaka machubu ndi ma LED otchipa, amaphethira motsatira magetsiwo, maso athu saona koma kamera imaona. Kamera ikamajambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, mudzaona mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi kapena kuwala kukugunda ngati mtima. Ikani kamera pa 25 kapena 50, zomwe makamera ambiri amazitcha PAL. Pa khadi sankhani nambala yomweyo. Mu Settings ya OBS, pansi pa Video, sankhani "25 PAL" kapena "50 PAL". Malo atatu onsewa anene chimodzi. Pena pakasiyana, chithunzi chimatsimphina pang'ono nthawi ndi nthawi, ndipo mudzaimba mlandu intaneti yosalakwa. Makhadi ena a Blackmagic Design salola n'komwe kusiyana: kamera ikatulutsa 1080i50 inu n'kusankha 1080p25, mupeza mdima.

Kwa inu a matepi, chingwe chachikasu ndi cha chithunzi, chofiira ndi choyera ndi za mawu, ndipo zilowe pa mabowo a VCR olembedwa OUT. Matepi ojambulidwa ku Malawi, Zambia, South Africa kapena Britain ndi a PAL, kukula kwake 720x576, zithunzi 25 pa sekondi. Ochokera ku America ndi a NTSC, 720x480, ndipo si VCR iliyonse ingawasewere. Mu OBS dinani "Configure Video", mupite pa "Video Decoder", musankhe PAL_B kapena PAL_I. Pa chingwe chachikasu ziwirizi zimapereka chimodzimodzi. Chithunzi chikabwera chopanda mitundu kapena chikugubuduka, khadi likadali pa NTSC, kapena likumvetsera bowo lina la chithunzi lotchedwa S-Video pomwe inu mwalowetsa chachikasu. Chachiwirichi mumakonza pa "Configure Crossbar" posankha Composite.

Zina ziwiri zimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongothamangira. Choyamba, kanema wa tepi amabwera m'mizere yolukana, ndiye munthu akamavina m'mphepete mwa thupi lake mumaoneka mano ngati a chipeso. Dinani kumanja pa chithunzi, Deinterlacing, "Yadif 2x", ndipo OBS ikhale pa 50. Chachiwiri, TV zakale sizinali zotambalala ngati za lero. Mu Settings ya OBS, pansi pa Video, ikani Base ndi Output pa 768x576, kenako dinani kumanja pa chithunzi, Transform, "Stretch to screen". Mukatambasula tepi kuti idzaze sikirini ya masiku ano, akwati onse amasanduka afupi ndi onenepa, ndipo amayi aja adzakufunsani kuti ameneyu ndani.

Musanalowetse tepi yakale, yang'anani pa kagalasi kake. Mukaona madontho oyera ngati ufa, ndi nkhungu. Tepi yotere imadetsa mutu wa VCR, ndipo yotsatira yake, ngakhale yabwinobwino, idzangoonetsa mpunga.

9. Mawu

Chithunzi chabwera, mawu kulibe. Ili ndi dandaulo lachiwiri pa kuchuluka. Makhadi ambiri a USB amaonekera kwa Windows ngati zipangizo ziwiri, china cha chithunzi china cha mawu, chomwe chimalembedwa "Digital Audio Interface" kapena dzina lofanana nalo. Mu Properties ya khadi pa OBS tsikirani pansi, muchonge "Use custom audio device", musankhe dzina limenelo. Kamzere kobiriwira ka mu Audio Mixer kayambe kudumpha.

Kuti mumve nokha, tsegulani "Advanced Audio Properties", pa Audio Monitoring musankhe "Monitor and Output", ndipo muvale mahedifoni. Mukamvera pa sipika za laputopu, kapena mukasiya "Desktop Audio" ndi maikolofoni ya laputopu zili zoyatsa, mawu adzabwerezabwereza ngati m'phanga. Zitsekeni zonse zomwe simukuzifuna.

M'tchalitchi ndi bwino kutenga mawu pa mikisa kusiyana ndi pa kamera, chifukwa kamera imatola chilichonse, fani, mwana wolira, mpando wokokedwa. Koma mawu a pa mikisa akalowa m'kompyuta mwa njira yawoyawo amafika msanga kuposa chithunzi, chifukwa khadi limatenga kanthawi kukonza kanema. Zotsatira zake abusa amamveka milomo isanatseguke. Kukonza kwake n'kosavuta. Munthu aime patsogolo pa kamera ndi maikolofoni, aombe m'manja kamodzi mwamphamvu, inu mukujambula. Onerani. Phokoso likatsogola manja asanakumane, pitani pa "Sync Offset" ya mawuwo, muikepo 100, mujambulenso. Onjezerani kapena chepetsani pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Nambalayo ilembeni pa kapepala, mumate pa laputopu.

10. Yesani kwa theka la ola tsiku lenileni lisanafike

Khadi logwira mphindi ziwiri silinayesedwe. Mavuto a kutentha ndi a magetsi a USB amabwera pakapita nthawi. Mu Settings, pansi pa Output, sankhani kujambula mu MKV. Magetsi akazima pakati, fayilo ya MKV imasunga zomwe zajambulidwa kale, pomwe MP4 wamba amawonongeka yense. Mukamaliza mungaisandutse MP4 pa File, "Remux Recordings", popanda kutaya ubwino wa chithunzi.

Dinani "Start Recording", mutsegule View kenako Stats, muisiye iyende mphindi 30. Manambala a zithunzi zotayika chifukwa cha rendering kapena encoding akamakwera, kompyuta yalemedwa: tsikirani pa 1280x720, mutseke mapulogalamu ena, laputopu ikhale pa chaja. Oonera ambiri ali pa foni, ndipo 720p woyenda bwino amaposa 1080p wodukiza. Chithunzi chikamauma chokha pakapita kanthawi, khudzani khadi. Likatentha kwambiri lichotseni pa nsalu ya patebulo ndi pafupi ndi potulukira mpweya wa laputopu. Kenako mu Device Manager, pansi pa "Universal Serial Bus controllers", tsegulani "USB Root Hub" iliyonse, pa "Power Management" muchotse chongi cholola kompyuta kuzimitsa chipangizocho posunga magetsi.

Ngati cholinga ndi kuulutsa, werengeranitu bandulo. Pa bitrate (kuchuluka kwa data yomwe OBS imatumiza pa sekondi) ya 2500 kbps, ola limodzi limadya pang'ono kupitirira 1 GB, ndiye mapemphero a maola atatu konzekerani 4 GB. Yesani pa malo omwewo ndi netiweki yomweyo, kaya Airtel kaya TNM, ndipo pa Facebook musankhe kuti muone inu nokha. Mu Stats, zithunzi zotayika za network zikamakwera pomwe zinazo zili chete, khadi ndi driver zili bwino, chepetsani bitrate kapena musunthe modemu pafupi ndi zenera.

Zonse zikagwira, khadi lizilowa pa bowo lomwelo nthawi zonse, limateni kachizindikiro. Driver ndi fayilo yoikira OBS zikopereni pa fulashi yomwe izikhala m'chikwama cha kamera, kuti tsiku lomwe kompyuta idzafufutidwe musadzayambirenso kusaka.

Zikakanikabe mutatsata zonsezi, ndiimbireni, koma mutumize kaye zithunzi zitatu: tsamba la Hardware Ids, tsamba la Device status lomwe likuonetsa nambala ya Code, ndi TV ikuonetsa chithunzi cha kamera pa chingwe chomwecho. Mutchulenso sitepe yomwe mwaimira.